Bandulo ya pa tsiku, ya pa sabata kapena ya pa mwezi? Mayunitsi akundithera ndalama ya geni

Make Tadala (Area 25):
Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani ya foni, chonde mundilangize moona mtima chifukwa yandizunguza mutu. Ine ndimagulitsa kaunjika wa ana. Ndikatsegula belo ndimajambula zovala chimodzichimodzi n'kuponya pa status ya WhatsApp, makasitomala n'kumasankha, ena amalipiriratu pa foni. Ndiye foniyi ndiyo shopu yanga. M'mawa uliwonse ndimagula bandulo ya tsiku limodzi, koma kawirikawiri ikamakwana 3 koloko masana imakhala yatha, n'kugulanso ina. Kuwonjezera apo mayi anga ali kumudzi ku Ntchisi, amavutika ndi BP, ndipo sindigona ndisanamve mawu awo. Iwo ali ndi kafoni ka mabatani, layini yawo ndi ya kampani ina, yanga ndi ya ina. Dzulo ndinakhala pansi kuwonkhetsa mauthenga onse a mayunitsi amene ndinagula mwezi wathawu. Ndalama yake yaposa ya madzi ndi magetsi kuphatikiza pamodzi. Mtima unandiwawa kwambiri. Ndiye ndifunse, ndizigula ya pa tsiku, ya pa sabata kapena ya pa mwezi? Nanga zoimbira mayizi ndizitani?

Akalaliki a ku Limbe:
Mayi, ya pa mwezi basi. Tengani mtengo wa bandulo muugawe ndi ma MB ake, mupeza kuti tating'onoting'ono ta pa tsikuti ndi timene timadula kwambiri. Zili ngati wogula thumba la chimanga ndi wogula ufa wa walkman madzulo alionse. Wa walkman amaona ngati akutulutsa pang'ono, koma pakutha pa mwezi ndiye walipira zambiri. Ine ndikangolandira ndimagula ya masiku 30 n'kuiwalako.

Wa kabaza pa Mchesi:
Bwana a ku Limbe, masamu anuwo ndi oona, sindikukana. Koma mwanena nokha kuti "ndikangolandira". Ife sitilandira. Ndalama yanga imabwera lero n'kupita lero lomwe: mwini njinga ndimupatse yake, ndithire mafuta, kunyumba ndisiye ya ndiwo ndi makala. Wogula walkman uja sikuti sadziwa kuti thumba ndi lotchipa. Amadziwa bwino lomwe, koma ya thumba alibe. Amayiwa ndalama yawo ili m'belo. Akaichotsa yambiri nthawi imodzi kugulira bandulo, belo lotsatira aligula ndi chiyani?

Make Tadala (Area 25):
Achimwene a kabaza mwandilankhulira. Ndinayesapo kamodzi kugula ya pa mwezi nditatenga ndalama ku banki m'khonde. Inatha pa masiku 12. Ndinatsala ndi ngongole, intaneti ndilibe, n'kubwerera ku za pa tsiku zija. N'chifukwa chake ndikuopa.

Wokonza mafoni mu Lilongwe:
Asisi, apa ndiye mwatchula pamene pagona nkhani. Ngati ya pa mwezi inatha pa masiku 12, vuto loyamba si mtundu wa bandulo ayi. Pali chimene chikudya deta m'foni mwanumo, ndipo mukapanda kuchipeza, iliyonse imene mungagule idzatha msanga. Anthu amabwera pa benchi panga tsiku ndi tsiku akudandaula kuti akuberedwa, koma tikatsegula foni timapeza wakubayo ali m'kati momwemo.

Chitani izi panopa. Lowani ku Settings, pezani pamene palembedwa Data usage. Mafoni ena monga a Tecno ndi itel zimakhala pansi pa Network kapena SIM. Pamenepo foni ikuonetsani app iliyonse ndi ma MB amene yadya mwezi uno. Mutiuze zitatu zimene zili pamwamba.

Podikira, nazi zimene ndimazipeza kawirikawiri. Choyamba WhatsApp imatha kukopera yokha zithunzi ndi mavidiyo a m'magulu onse amene muli, la mpingo, la maliro, la sukulu ya ana, la banki m'khonde, ngakhale musanazitsegule. Pitani ku Settings za WhatsApp, pa Storage and data, pa Media auto-download muchotse zonse za pa mobile data. Chachiwiri, Play Store imatha kukonzanso ma app yokha, ndipo app imodzi ikhoza kutenga ma MB oposa 100. Iikeni kuti izichita zimenezo pa Wi-Fi pokha. Chachitatu chikukhudza inu kwambiri amene mumajambula katundu: Google Photos ikakhala kuti ikusunga zithunzi pa intaneti kudzera pa deta, chithunzi chilichonse mumachilipira kawiri, pokweza pa status ndi posunga.

Akalaliki a ku Limbe:
Izi za Google Photos sindinkazidziwa. Zikomo achimwene.

Make Tadala (Area 25):
Ndaona. Pamwamba pali YouTube, yachiwiri TikTok, WhatsApp ili pachitatu. Ine YouTube sindiigwira n'komwe. Ndi Tadala ameneyu, ndimamupatsa foni akaweruka kusukulu kuti aziona makatuni ine ndikamachapa zovala za m'belo. Sindinkadziwa kuti zimadya choncho. TikTok ndiye ndi ine ndemwe, usiku ndisanagone.

Wokonza mafoni mu Lilongwe:
Ndi zomwezo. Ndipo 3 koloko imene mwanena kuti bandulo imatha ija ndi nthawi imene mwana wafika pakhomo. Vidiyo ndiyo imameza deta kuposa china chilichonse. Ola limodzi la YouTube pa chithunzi chowala kwambiri likhoza kudya pafupifupi 1GB, pamene kulemberana mauthenga tsiku lonse sikufika ngakhale pafupi. Kuimba pa WhatsApp ndi mawu okha sikudutsa 1MB pa mphindi. Mwanayo musamulande makatuni, ingotsitsani quality ifike 240p kapena 360p, pa kasikirini ka foni aziona bwinobwino. Kapenanso mukapezeka pamalo pamene pali Wi-Fi mumukopere angapo aziona popanda intaneti. Mukatero khalani sabata imodzi mukugula za pa tsiku monga kale, kenako muonenso pa Data usage paja. Nambala imene mudzapezeyo ndiyo idzakuuzeni bandulo yoyenera inu.

NaPhiri, mphunzitsi ku Dowa:
Ine ndiyankhe mbali ya mayi anu chifukwa ndikukhala kumudzi ndipo ndimaziona. Musalimbane ndi kuwasintha layini. Anthu akuluakulu nambala yawo inafalikira kale kwa abale, kwa a mpingo, kwa amfumu, mwinanso ndiyo inalembedwa ku zinthu za boma. Komanso mwina anasankha layiniyo chifukwa ndi yokhayo imagwira kwawoko. Pasukulu pathu pano netiweki imodzi imagwira ngakhale m'kalasi, inayo mpaka ukaime pa chulu kuseri kwa bwalo la mpira, koma ukangopita mudzi wachiwiri zimatembenuka. Ndiye funso loti kampani yabwino ndi iti lilibe yankho limodzi, zimatengera pamene phazi lako laponda.

Chimene mungachite ndi kugula simukhadi ya kampani imene mayi ali, muiike m'malo achiwiri a foni yanu. Mafoni ambiri masiku ano amalowa ziwiri. Pa layini imeneyo muzigula bandulo ya mphindi zoimbira basi. Mphindi zoimbira layini ya kampani yomweyo zimakhala zambiri pa ndalama yochepa, kusiyana ndi kuimba ndi mayunitsi wamba kupita ku netiweki ina. A Airtel za mphindizi amazitcha Chezani, a TNM ali ndi Mtolo. Muone nokha pa menyu zimene zilipo panopa chifukwa zimasinthasintha. Koma muwerenge bwino musanadine, mphindi zina ndi za netiweki yomweyo yokha, zina ndi za netiweki zonse.

Make Tadala (Area 25):
Aphunzitsi, ndiye kuti nthawi yonseyi ndakhala ndikuimba ndi mayunitsi wamba. Ndimagula a K1,000, tisanamalize n'kukamba za mankhwala awo foni yaduka. Nthawi zina ndimachita kuwafulumizitsa mayi anga polankhula, zimene zimandimvetsa chisoni pambuyo pake.

NaPhiri, mphunzitsi ku Dowa:
Pepani asisi, ndikumvetsa. Munthu wamkulu salankhula mothamanga, amayamba ndi moni wa aliyense, nkhuku, mvula, kenako ndiye afike pa za m'thupi. Mukakhala ndi mphindi zokwanira mudzawasiya alankhule mpaka amalize. Muwauzenso kuti akafuna inu azingofulasha, inu muziimba. Asamawononge kandalama kawo.

Ejenti wa pa Mponela:
Ndiwonjezere pa za simukhadi yachiwiriyo. Pitani ndi chiphaso chanu cha unzika mukalembetse m'dzina lanu. Kuyambira 2018 a MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni, analamula kuti layini iliyonse ikhale yolembetsedwa. Musagule yolembetsa kale m'dzina la munthu wina ngakhale akuuzeni kuti n'zachangu. Tsiku limene foni idzabedwe kapena mudzaiwale PIN, simudzatha kubwezeretsa nambalayo, ndipo ndalama zimene zili momwemo zidzavuta kutulutsa. Ndawaona anthu akulira pa kauntala panga chifukwa cha zimenezi.

Ubwino wina kwa inu a geni ndi wakuti mudzakhala ndi Airtel Money ndi Mpamba zonse ziwiri. Kasitomala wa 099 azitumiza ku 099, wa 088 ku 088, palibenso wonena kuti ndituma mawa chifukwa ndilibe layini yanuyo. Komanso yang'anani pa *211# ya Airtel Money ndi pa *444# ya Mpamba, bandulo mukhoza kugula kuchokera mu akaunti momwemo osayenda kukafuna mayunitsi okanda.

Wa kabaza pa Mchesi:
Ine funso langa silinayankhidwebe. Tonse tavomereza kuti yaikulu ndi yotchipa. Nanga amene sangaikwanitse atani?

Akalaliki a ku Limbe:
Achimwene, ndavomera kuti poyamba paja ndinayankha ngati aliyense ali pa malipiro a pa mwezi. Pakati pake pali ya masiku 7. Siifuna ndalama yambiri nthawi imodzi ngati ya pa mwezi, koma imaposa ya pa tsiku. Njira yake ndi iyi: ndalama imene mumagulira ya pa tsiku muzionjezerapo kangachepe n'kumasunga mu akaunti ya pa foni osaigwira. Ikakwana ya sabata mugule. M'sabata imeneyo musaleke kusunga ya tsiku ndi tsiku ija, ndiye pofika tsiku la 7 muli nayo kale ya sabata yotsatira, n'kutsalako ina. Chovuta ndi sabata yoyamba yokha.

Wa kabaza pa Mchesi:
Zimenezo zikumveka. Ngakhale kwa ine pali chinanso. Masiku ena sindifuna intaneti n'komwe, makasitomala anga amangoimba. Lamulungu sindigwira ntchito. Ndikagula ya sabata, masiku amenewo ikungopsa. Ndiye ine ndimaona kuti ya mphindi ndiyo ndizigula ya sabata, ya deta ndizigula tsiku limene ndikuifuna. Amayiwa zawo n'zosiyana ndi zanga chifukwa iwo status ndi tsiku lililonse.

Wokonza mafoni mu Lilongwe:
Mwalasa achimwene. Kupsa kumeneko anthu sakuwerengera. Ukagula 10GB n'kugwiritsa 6GB yokha tsiku lothera n'kufika, 4GB ija waitaya, ndiye kutchipa kuja kwathera pomwepo. Yotchipa ndi imene umaimaliza pa nthawi yake, osatsala yambiri komanso osaperewera.

Chenjezo lina. Bandulo ikatha muli ndi mayunitsi m'foni ndipo deta ili yoyatsa, foni ikhoza kuyamba kudya mayunitsiwo pa mtengo wa kunja kwa bandulo, umene ndi wokwera. Ambiri amene amati "ndinaika mayunitsi sindinaimbe koma atha" vuto limakhala limeneli. Muzithimitsa deta musanalowetse mayunitsi, mugule bandulo, kenako muyatse. Chimodzimodzinso mabandulo a WhatsApp kapena Facebook okha. Ndi abwino kwa munthu ngati asisiwa, koma wina akakutumizirani link n'kuidina, mwatuluka m'bandulo ija.

Make Tadala (Area 25):
Nanga zija amati zopanda malire, monga Pamtsetse, kapena PaNet MoFaya imene anzanga amaitchula? Zingandithandize?

Wokonza mafoni mu Lilongwe:
Zimathandiza amene ntchito yake ndi yolemera, monga ophunzira pa intaneti, okopera mafilimu, kapena banja lonse likamagwiritsa hotspot imodzi. Koma pa bandulo iliyonse yotchedwa yopanda malire muziwerenga malamulo ake, chifukwa zambiri zotere zimakhala ndi liwiro loikika kapena zimachedwa ukadutsa mlingo wina. Kwa inu ndinganene kuti dikirani kaye sabata yoyeza ija. Mwina mupeza kuti geni yanu yonse sifuna deta yambiri monga mumaganizira.

Mwana wa ku Mangochi ali ku Joni:
Moni kumudzi. Ine ndingochenjeza za kontirakiti, chifukwa ndamva kuti kumudzinso zogula foni pa ngongole zafala. Kuno Vodacom, MTN, Telkom ndi Cell C onse ali ndi prepaid komanso kontirakiti. Kontirakiti imakoma poyamba, amakupatsa foni yatsopano ndi deta mwezi uliwonse, iwe n'kumalipira miyezi 24 kapena 36. Ine ndinasaina ndi kampani ina nditapeza ntchito ya mu shopu. Patatha miyezi 8 ntchito inatha, koma ngongole sinathe. Foniyo inasweka ndikulipirabe. Kuchokera pamenepo ndili pa prepaid, ndikakhala nayo ndimagula, ndikasowa ndimakhala. Munthu amene ndalama yake siidziwika kuti mwezi wamawa ibwera bwanji asadzimange ndi pepala.

Achemwali a ku Area 25, za mayi ndikukumvetsani kwambiri. Anga ali ku Makanjira. Ndinawagulira foni ya WhatsApp koma imangokhala m'chikwama, kutchaja kwake n'kovuta ndipo anazolowera ya mabatani imene batire lake limakhala masiku. Panopa ndimatumiza ndalama kwa mlongo wanga, iye amagula bandulo Loweruka n'kupita kwa mayi, timaonana pa vidiyo kamodzi pa sabata. Masiku enawo ndimaimba mwachidule pa layini.

NaBanda, namwino ku Leeds:
Kuno nakonso obwera kumene ambiri amathamangira kontirakiti ya foni yodula. Ine ndili pa SIM only ya mwezi umodzi umodzi, monga za Lebara, Lyca ndi giffgaff, ukafuna kusiya umangosiya. Ndinasankha imene ndili nayo chifukwa cha zoimbira kunja, koma muziyang'ana mndandanda wa mayiko, si zonse zimene +265 ilimo. Ndikabwera kumudzi ndimagula bandulo ya mwezi pa layini yanga yakale ya konko, ya kuno ndimaithimitsa deta.

Bambo a Chikondi, pa boda ya Mchinji:
Zothimitsazo zandikumbutsa. Amene mumapita ku Chipata kukaoda katundu, kapena amene mumakhala m'malire ngati ife, foni imatha kugwira netiweki ya ku Zambia yokha muli mbali ya kuno. Mabandulo anu a masiku onse sagwira ntchito pa roaming, ndiye zimadya mayunitsi. Pa Settings musankhe netiweki pamanja, osaisiya pa automatic, ndipo data roaming ikhale yothimitsa.

Agogo a Yamikani, opuma ntchito ku Zomba:
Ana anga, ndawerenga zonse ndipo ndaphunzirapo. Ine foni ya m'manja ndinayamba kuiona TNM itangoyamba mu 1995, nthawi imeneyo inali ya mabwana okhaokha. Celtel itabwera mu 1999 ndi pamene pang'onopang'ono zinayamba kufika kwa anthu wamba, kenako inasanduka Zain, mu 2010 n'kukhala Airtel. Tinkaimba tikuyang'ana wotchi. Lero mdzukulu wanga amandionetsa nkhope ali ku Mzuzu, ndi chinthu chachikulu. Koma ndisabise, mtengo ukutilemera. Pa ndalama imene timalipirayo pali VAT, palinso msonkho wa 10 peresenti umene boma linaika pa ma SMS ndi intaneti mu 2015. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu zonse zinakwera, penshoni yanga sinakwere nazo. Ndiye pamene tikuphunzitsana kusamala ma MB, tisaleke kulankhulanso kwa aphungu athu ndi a MACRA kuti foni masiku ano ndi khasu la anthu ngati mayi a kaunjikawa.

Ejenti wa pa Mponela:
Zoona agogo. Ndipo chifukwa cha kuvuta kwa ndalamako ambiri akukhalira kukongola mayunitsi, Kutapa kapena Pasavute. Pa ngozi zimapulumutsa, monga usiku wodwala akafunika galimoto. Koma pamakhala kandalama ka pamwamba, ndipo ukangoika mayunitsi amayamba adula ngongole. Ndimaona anthu akugula mayunitsi kuti agule bandulo, n'kupeza otsalawo sakukwananso, n'kukongolanso. Asisi, ngati muli m'gulu limeneli, yambani mwatseka dzenjelo musanayambe ndondomeko yatsopanoyi.

Make Tadala (Area 25):
Ndilimo achimwene, sindikana. Ndibweza mawa ndikagulitsa.

Make Tadala (Area 25):
Ndabweranso patatha masiku 9 kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Ndinathimitsa zonse zimene anandiuza achimwene okonza mafoni, makatuni a Tadala ndinawatsitsa pa 240p ndipo sanadandaule n'komwe. TikTok ndikuonerabe koma pang'ono. Bandulo ya tsiku ija imene inkatha masana, sabata yonseyi yakhala ikufika usiku, masiku awiri inatsalako. Dzulo ndagula ya masiku 7 koyamba. Ya pa mwezi ndidikira kaye mpaka nditaona masabata angapo, ndisabwereze zija za banki m'khonde.

Simukhadi yachiwiri ndinalembetsa Lachinayi ndi chiphaso changa. Usiku womwewo ndinaimbira mayi, tinacheza mphindi 40. Anandifunsa kuti kodi lero wapeza ndalama zingati kuti usadule foni. Ndi tsiku limenelo pamene anandiuza kuti mankhwala awo anatha masabata awiri apitawo, ankangoti ndisakuvutitse pa foni ya changuchangu. Ndatumiza kale ya thiransipoti kuti apite kuchipatala Lolemba.

NaPhiri, mphunzitsi ku Dowa:
Mwachita bwino asisi. BP siifuna kudumphitsa mankhwala. Lolemba madzulo muwaimbire mumve zimene awauza kuchipatalako, ndipo muwafunse tsiku limene awalembera kuti adzapitenso, mulisunge inuyo m'foni.

Wa kabaza pa Mchesi:
Awapeze bwino mayi. Achimwene okonza mafoni, benchi yanu ili mbali iti? Yanga ikumatentha ndipo batire silifika masana, ndikufuna muione Loweruka.

Wokonza mafoni mu Lilongwe:
Ndakulemberani ku inbox. Mubwere ndi tchaja imene mumagwiritsa ntchito, ndiyambe ndaona imeneyo.